Yisiti, mbozi ndi bakiteriya: momwe kapangidwe kamakhudzira katemera wa HPV

Katemera amene mtsikana wa zaka 9 amabaidwa pamkono kuti atetezedwe ku khansa ya khomo la chiberekero ndi wochepa zedi: theka la mililita imodzi, timadontho pafupifupi khumi. Koma kuti timadontho timeneti tipezeke pamafunika chamoyo china chogwira ntchito imene makina sangaithe. Makampani ena amagwiritsa ntchito yisiti, yomweyi imene amafufumitsira buledi. Ena amagwiritsa ntchito maselo ochokera kwa gulugufe wouluka usiku, pomwe ena adasankha bakiteriya wa mtundu umene umapezeka m'matumbo.

Kusankha pakati pa zamoyo zitatuzi kumaoneka ngati nkhani ya akatswiri a m'labotale okhaokha, komatu zotsatira zake zimafika mpaka kuchipatala chaching'ono cha kumudzi. Chamoyo chimene kampani yasankha ndicho chimalamula ntchito yoyeretsa katemerayo, nthawi imene amatenga kuti apangidwe, kuchuluka kwake pachaka, komanso mbali ina ya mtengo wake. Kwa dziko ngati lathu lino, iyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Malingana ndi ziwerengero za mu 2020 za bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe ndi nthambi ya Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse la WHO, amayi oposa 4,000 m'dziko muno amapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo. Palibe khansa ina imene imapha amayi ambiri chonchi m'Malawi.

Kachirombo kokana kuwetedwa

Gwero la khansayi ndi kachirombo ka human papillomavirus, kodziwika mwachidule kuti HPV. Kali ndi mitundu yoposa 200, ndipo mitundu imene imakhudza ziwalo zoberekera imafala makamaka pogonana. Anthu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo wawo osadziwa n'komwe, chifukwa kawirikawiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Vuto limabuka kakakhalitsa pakhomo la chiberekero: pang'ono ndi pang'ono kamasokoneza maselo, mpaka patapita zaka khumi kapena makumi awiri maselowo amasanduka khansa. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi gulu lake adapeza mtundu wa 16 m'zotupa za khansayi mu 1983 ndi mtundu wa 18 mu 1984. Mitundu iwiri yokhayi ndiyo imadwalitsa amayi pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse opezeka ndi khansayi. Zur Hausen adalandira mphoto ya Nobel mu 2008 kaamba ka ntchitoyi.

Mdani atadziwika, funso lotsatira lidali la katemera. Njira yakale, imene amapangira katemera wa chikuku ndi wa poliyo, ndi yoweta kachirombo m'labotale mochuluka, kenaka n'kukafooketsa kapena kukapha. Pa HPV njirayi idakanika pazifukwa ziwiri. Choyamba, kachiromboka kamangoberekana m'maselo a khungu amene akukhwima mosanjikizana monga zimachitikira m'thupi la munthu, zomwe n'zovuta kutsanzira m'thanki. Chachiwiri, m'kati mwake muli DNA yokhala ndi malangizo amene amayambitsa khansa, ndipo palibe akadavomera kuti zoterezi zibaidwe mwa mwana wabwinobwino.

Yankho lidapezeka pa chigoba cha kachiromboko. Chigobachi chimamangidwa makamaka ndi puloteni imodzi yotchedwa L1. Mapuloteni asanu a L1 amagwirana n'kupanga kagulu kooneka ngati nyenyezi, ndipo timagulu 72 totere timalumikizana n'kupanga kampira, monga momwe zidutswa za chikopa zimasokedwera pa mpira wamiyendo. Chigoba chathunthu chimakhala ndi mapuloteni 360, koma n'chaching'ono kwambiri moti zigoba pafupifupi 18,000 zitandandalikidwa pamzere zingakwane milimita imodzi yokha. Asilikali a m'thupi akakumana ndi kachirombo, chimene amaona ndi chigoba. Choncho munthu atapanga chigoba chopanda kanthu m'kati, thupi lingaphunzire kuzindikira mdaniyo popanda chiopsezo chodwala. Zigoba zopanda kanthuzi ndizo akatswiri amazitcha virus-like particles, kapena mwachidule VLP, kutanthauza tinthu tofanana ndi kachirombo.

Phunziro la mkanda umodzi

Mu 1991, Jian Zhou ndi Ian Frazer a pasukulu yaukachenjede ya Queensland mumzinda wa Brisbane ku Australia adaonetsa kuti mapuloteni a chigoba cha HPV akapangidwa m'maselo a m'labotale amatha kudzisonkhanitsa okha. Chaka chotsatira, Reinhard Kirnbauer, Douglas Lowy ndi John Schiller a ku National Cancer Institute m'dziko la America, poyesa kachirombo ka banja lomweli kogwira ng'ombe, adapeza kuti L1 payokha ndi yokwanira kumanga chigoba. Akalulu amene adabaidwa zigobazo adapanga ma antibody ochuluka, zida zimene thupi limamangira kachirombo kasadalowe m'selo. Maselo amene atatuwa adagwiritsa ntchito adachokera kwa gulugufe wotchedwa Spodoptera frugiperda, amene mbozi zake ndi zomwe zija za fall armyworm zakhala zikusautsa alimi a chimanga kuno kwathu.

Komabe atafika pa HPV 16, zigoba zinkatuluka zochepa kwambiri. Chifukwa chake chidadziwika mu 1993. Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda, ndipo L1 ili ndi mikanda pafupifupi 500 yotchedwa amino acid. DNA ya HPV 16 imene ofufuza ambiri ankagawana idatengedwa m'chotupa cha khansa, ndipo idali ndi cholakwika pa mkanda umodzi wokha. Atagwiritsa ntchito DNA ya kachirombo kopanda cholakwikacho, zigoba zidachuluka kuwirikiza pafupifupi ka 1,000.

Phunziro la mkanda umodzi uja ndilo maziko a nkhani yonseyi. Chingwe cha mikandacho chiyenera kupindika mwanjira yake yeniyeni. L1 yotambasuka kapena yopindika molakwika ikabaidwa, thupi limapanga ma antibody ndithu, koma oti sangagwire kachirombo kenikeni. Motero muyeso wa fakitale iliyonse ya katemerayu ndi umodzi: kodi zigoba zake zaumbika bwino, kodi n'zofanana kukula, ndipo kodi zikhalabe choncho kwa zaka zingapo m'kabotolo?

Ndondomeko yaikulu ndi yofanana kulikonse. Amatenga kachidutswa ka DNA kokhala ndi malangizo opangira L1 basi, n'kukalowetsa m'chamoyo chimene asankha. Chamoyocho amachiweta m'mathanki achitsulo mpaka chitachuluka ndi kupanga puloteniyo. Kenaka amaphwanya maselo, amasefa mobwerezabwereza mpaka itatsala L1 yokha, amaonetsetsa kuti zigoba zaumbika, n'kuzimatiza ku mankhwala okolezera chitetezo amene akatswiri amawatcha adjuvant. Mtundu uliwonse wa HPV umapangidwa paokha ndipo amadzasakaniza kumapeto, moti katemera wa mitundu isanu ndi inayi amafuna ntchito yonseyi kasanu ndi kanayi. Kusiyana kwagona pa chamoyo cholembedwa ganyucho.

Yisiti: wantchito wakale wodalirika

Katemera woyamba wa HPV, Gardasil, adavomerezedwa ku America mu Juni 2006. Kampani ya Merck, imene m'maiko ambiri imadziwika kuti MSD, imamupangira mu yisiti ya buledi yotchedwa Saccharomyces cerevisiae. Kampaniyi sidayambire pamenepa: mu 1986 idali itatulutsa kale katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B wopangidwa mu yisiti yomweyi, naye wa tizigoba topanda kanthu. Nayenso katemera wa malungo wa RTS,S, amene dziko la Malawi lidakhala loyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019, amapangidwira mu yisiti imeneyi.

Ubwino wa yisiti ndi woonekeratu. Imakula msanga, imadya zinthu zotsika mtengo monga shuga ndi mchere wamitundumitundu, siisunga tizirombo togwira anthu, ndipo kapangidwe ka selo lake n'kofananako ndi ka selo la munthu, kotero imadziwa kupinda mapuloteni ovuta. L1 imaumbika kukhala zigoba pamene ili m'selo kapena maselo akangophwanyidwa.

Koma yisiti ili ndi zovuta zake. Khoma la selo lake ndi lolimba, moti pamafunika makina a mphamvu kuti liphwanyike. Chachikulu n'chakuti zigoba zimene zimatuluka sizifanana: zina zazing'ono, zina zopotoka, zina zomatirirana. Akatswiri a Merck adapeza njira yofanana ndi ya mmisiri amene amagumula khoma lokhota n'kumanganso ndi njerwa zomwezo. Zigoba za mitundu ya 6, 11 ndi 16 amaziphwasula dala ndi mankhwala omasula zomangira za sulufule zimene zimagwirizanitsa timagulu tija, kenaka amachotsa mankhwalawo ndi kusintha kuchuluka kwa mchere m'madzi kuti timaguluto tilumikizanenso. Zigoba zomangidwa kachiwirizi zimakhala zofanana kukula, zolimba, ndipo sizionongeka msanga posunga. Sitepe yoonjezerayi imadya nthawi ndi ndalama, koma ndiyo imapereka katemera wokhalitsa.

Ngakhale asefe chotani, mumatsala timapuloteni tochepa zedi ta yisiti. N'chifukwa chake munthu amene thupi lake limadana kwambiri ndi yisiti sapatsidwa Gardasil, ngakhale kuti anthu otere ndi osowa.

Gardasil woyamba amateteza ku mitundu inayi: 16 ndi 18 ya khansa, komanso 6 ndi 11 imene imayambitsa njerewere za kumaliseche pafupifupi 90 mwa 100 zilizonse. Ameneyu ndiye adayesedwa m'maboma a Zomba ndi Rumphi kuyambira mu 2013, ndipo ndiye amene Unduna wa Zaumoyo udayamba kupereka m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Mu Disembala 2014 dziko la America lidavomereza Gardasil 9, amene adaonjezera mitundu ya 31, 33, 45, 52 ndi 58. Mitundu isanu ndi iwiri ya khansa imene ili mwa iye imayambitsa pafupifupi 90 mwa 100 ya khansa zonse za khomo la chiberekero.

Makampani amene abwera pambuyo asankha yisiti za mitundu ina. Serum Institute of India ya mumzinda wa Pune imapangira katemera wake wa mitundu inayi, Cervavac, mu yisiti ya Hansenula polymorpha, ndipo dziko la India lidamuvomereza mu 2022. Walrinvax wa ku China, wa mitundu iwiri, amapangidwira mu Pichia pastoris, ndipo WHO idamuvomereza mu Ogasiti 2024. Yisiti ziwirizi zimatha kukula mothithikana kwambiri m'thanki, kotero thanki imodzi imapereka zokolola zambiri.

Maselo a gulugufe: aluso koma osachedwa kufa

Kampani ya GSK idatsata njira ya ofufuza a ku America aja. Katemera wake, Cervarix, amene maiko a ku Ulaya adamuvomereza mu 2007, amapangidwira m'maselo a gulugufe wotchedwa Trichoplusia ni, amene mbozi zake zimadya masamba a kabichi. Sikuti kufakitale kumawetedwa agulugufe ayi. Maselo adatengedwa kalekale ndipo akhala akuberekana okha m'madzi a zakudya. Malangizo a L1 amalowetsedwa m'maselowa kudzera mwa kachirombo kotchedwa baculovirus, kamene kamagwira tizilombo touluka ndi mbozi koma sikaberekana mwa munthu.

Popeza awa ndi maselo a nyama, amapinda mapuloteni mwaluso, ndipo alibe khoma lolimba lofuna kuphwanya ndi mphamvu. Komabe luso limeneli lili ndi mtengo wake. Maselowa amatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti agawikane kamodzi, pomwe yisiti imatenga maola awiri kapena kucheperapo. Zakudya zake ndi zodula, ndipo sachedwa kuonongeka akatakasidwa mwamphamvu. Baculovirus akawalowa, amapanga puloteni kwa masiku ochepa kenaka n'kufa, motero ulendo uliwonse umafuna maselo atsopano ndi kachirombo katsopano. Pomaliza pake pali ntchito yochotsa baculovirus yense ndi kupereka umboni kwa oyang'anira mankhwala kuti wachokadi. L1 ya mu Cervarix ndi yodulidwa pang'ono kumchira, mbali imene imakhala m'kati mwa chigoba, ndipo nayonso imayeretsedwa ili timagulu, zigoba n'kumangidwa pambuyo.

Cervarix ali ndi mitundu iwiri yokha, 16 ndi 18, koma adatchuka ndi mphamvu zake. Atamuyerekeza ndi Gardasil mwa amayi a ku America, adapereka ma antibody ochulukirapo pa mitundu iwiriyi, ndipo kafukufuku wina adaonetsa kuti amatetezako ndithu ku mitundu yapachibale ya 31, 33 ndi 45 imene mulibe mwa iye. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa n'kosavuta kutamanda maselo a gulugufe pa ntchito ya wina. Akatswiri ambiri amaloza chala mankhwala okolezera chitetezo. Akatemera ena onse a HPV amadalira mchere wa aluminiyamu wokha, pomwe Cervarix ali ndi AS04, msakanizo wa aluminiyamu ndi kachidutswa kochotsedwa ululu ka khoma la bakiteriya, kamene kamadzutsa asilikali a m'thupi mwamphamvu. Chamoyo chopangira chigoba ndi mankhwala okolezera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zonse zimakhudza zotsatira.

Bakiteriya: wotsika mtengo amene ankakayikiridwa

Bakiteriya wa Escherichia coli, kapena kuti E. coli, ndiye wantchito wotsika mtengo kuposa onse. Zinthu zikakhala bwino amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, ndipo makampani akhala akumugwiritsa ntchito popanga insulin ya odwala matenda a shuga kuyambira mu 1982. Mitundu ya E. coli ya m'fakitale ndi yofooketsedwa, yosiyana ndi ija imatsegula m'mimba. Ngakhale zili choncho, kwa zaka zambiri akatswiri ankakayika zoti angapange katemera wa HPV. Selo la bakiteriya lilibe zida zonse zopindira mapuloteni ovuta, ndipo L1 yambiri inkangounjikana m'kati mwake ngati mibulu ya ufa m'phala losavundulidwa bwino.

Ofufuza a pasukulu yaukachenjede ya Xiamen ku China, motsogozedwa ndi Xia Ningshao, adathana ndi vutoli podula mikanda ingapo kumutu kwa chingwe cha L1. Puloteni yodulidwayo imapindika bwino n'kupanga timagulu ta zisanuzisanu tosungunuka m'madzi. Timaguluto amatiyeretsa, kenaka zigoba zimamangidwa kunja kwa selo, m'thanki momwe akatswiri amalamula mchere ndi zina zonse. Ntchito ina yosathawika ndi yochotsa poizoni wa m'khoma la bakiteriya wotchedwa endotoxin, amene atatsala angayambitse kutentha thupi. Gulu lomweli lidali litayeserera kale njirayi pa Hecolin, katemera wa hepatitis E amene dziko la China lidavomereza mu 2011.

Zotsatira zake ndi Cecolin wa kampani ya Innovax, wa mitundu ya 16 ndi 18. Adayesedwa mwa amayi oposa 7,000 ku China, ndipo mwa amene adamulandira mokwanira asadatenge kachirombo, palibe amene adapezeka ndi zilonda zikuluzikulu zotsogolera khansa zochokera ku mitundu iwiriyi. China idamuvomereza mu Disembala 2019 ndipo WHO idatsatira mu Okotobala 2021. Kafukufuku wina amene adachitika mwa atsikana a zaka 9 mpaka 14 ku Ghana ndi ku Bangladesh adapeza kuti ma antibody a Cecolin pa mitundu iwiriyi sachepera a Gardasil.

Kodi chitetezo chimasiyana?

Funso limene kholo lingafunse ndi lakuti: mwa onsewa, wabwino ndi uti? Pa mitundu ya 16 ndi 18, umboni ukuonetsa kuti chigoba chikaumbika bwino, thupi silifunsa kumene chachokera. Ku Sweden, komwe ankapereka Gardasil wa mu yisiti, kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 adapeza kuti khansa ya khomo la chiberekero idatsika ndi 88 peresenti mwa amene adabaidwa asadakwanitse zaka 17. Ku England, komwe adayamba ndi Cervarix wa m'maselo a gulugufe, kafukufuku wa mu 2021 adapeza kutsika kwa 87 peresenti mwa amene adapatsidwa mwayi wa katemera ali ndi zaka 12 kapena 13. Cecolin ndi wamng'ono pa msinkhu, kotero umboni wake pakadali pano ndi wa zilonda zotsogolera khansa ndi wa ma antibody, popeza khansa yeniyeniyo imatenga zaka zambiri kuti ionekere.

Chinsinsi cha mphamvuyi chili m'maonekedwe a chigoba. Chizindikiro chimodzimodzi chikabwerezedwa ka 360 mwadongosolo pa kampira kamodzi, maselo opanga ma antibody amachigwira pamalo ambiri nthawi imodzi ndipo amadzuka mwamphamvu. Ena mwa maselowa amakakhazikika m'mafuta a m'mafupa, komwe amapitiriza kutulutsa ma antibody kwa zaka zambiri. Ichi ndicho chifukwa chake mlingo umodzi wokha wapezeka kuti ndi wokwanira. Ku Kenya, kafukufuku wa KEN SHE adayesa atsikana ndi amayi achichepere oposa 2,000 a zaka 15 mpaka 20, ndipo mlingo umodzi wa Cervarix kapena wa Gardasil 9 udaletsa 97.5 peresenti ya matenda okhalitsa a mitundu ya 16 ndi 18. Njira ziwiri zosiyana zopangira zidapereka chiwerengero chimodzi. Mu 2022 WHO idalola maiko kupereka mlingo umodzi, ndipo mu Okotobala 2024 idalengeza kuti Cecolin naye angaperekedwe motero. Amene chitetezo chawo n'chofooka, monga amene ali ndi HIV, ayenera kulandira milingo iwiri, ndipo ngati n'kotheka itatu.

Kusiyana kwenikweni kuli pa chiwerengero cha mitundu. Katemera wa mitundu iwiri sateteza ku njerewere, ndipo wa mitundu isanu ndi inayi amafika patali pa khansa kuposa anzake. Koma pali zinthu zimene onse amafanana. M'katemera aliyense wa awa mulibe kachirombo kamoyo, mulibe yisiti yamoyo, bakiteriya wamoyo kapena selo la gulugufe, kotero sangampatse mwana HPV. Milingo yoposa 500 miliyoni yagawidwa padziko lonse kuyambira mu 2006, ndipo komiti ya WHO yoona za chitetezo cha akatemera sidapeze umboni wa mphekesera zoti katemerayu amatseka kubereka. Onse sachiza kachirombo kamene kalowa kale, n'chifukwa chake amaperekedwa kwa atsikana asadayambe zogonana. Ndiponso onse ayenera kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akaundana ngati ayezi amaonongeka chifukwa cha aluminiyamu uja. Palibe njira yopangira imene yamasula katemerayu ku firiji.

Mtengo ndi kupezeka kwake

Kumene njira yopangira imalemera kwambiri ndi kumsika. Gardasil atangotuluka, mlingo umodzi ku America unkagulitsidwa pafupifupi madola 120, ndipo munthu ankafunika milingo itatu. Mu 2013 bungwe la Gavi, limene limathandiza maiko osauka kugula akatemera, lidagwirizana ndi Merck pa mtengo wa madola 4.50 ndi GSK pa madola 4.60. Cecolin adalowa pamsika womwewu ndi mtengo wa madola 2.90. Sikuti kusiyana konseku kukuchokera kwa bakiteriya yekha: mtengo umakhudzidwanso ndi malipiro a antchito, ndalama za kafukufuku, umwini wa luso, mabotolo komanso kupikisana kwa makampani. Koma chamoyo chokula msanga pa zakudya zotchipa chimapereka mpata wotsitsa mtengo umene maselo odula sapereka.

Kufunika kwa njira zambiri kudaonekera poyera pamene dziko lonse linkadalira makampani awiri okha. Maiko ambiri atayamba kufuna katemerayu nthawi imodzi, adaperewera. Mu Okotobala 2019 akatswiri olangiza WHO adapempha maiko kuti ayambe aimitsa kubaya anyamata ndi akuluakulu pofuna kuti atsikana aang'ono asamanidwe. Maiko angapo a mu Africa amene adakonza zobaya atsikana onse a zaka 9 mpaka 14 adakakamizika kuyamba ndi msinkhu umodzi wokha. Atsikana ambiri amene adadumphidwa m'zaka zimenezo adakula opanda chitetezo.

Kupereweraku sikukadathetsedwa ndi kungoonjezera maola a ntchito. Fakitale ya katemera imatenga zaka zingapo kuti imangidwe ndi kuvomerezedwa. Komanso pa mankhwala opangidwa ndi zamoyo, chilolezo chimaperekedwa pa katemera pamodzi ndi njira yake yopangira. Kampani siingangochoka pa yisiti n'kupita kwa bakiteriya. Ikatero yapanga katemera watsopano amene ayenera kuyesedwanso. Ngakhale kusintha kukula kwa thanki kumafuna umboni woti zigoba sizidasinthe. Choncho kubwera kwa makampani a ku China ndi ku India, aliyense ndi njira yake, kwachepetsa ngozi yoti vuto la pafakitale imodzi liimitse katemera m'maiko ambiri.

Nanga zomera?

Pali njira yachinayi imene ikadali m'manja mwa ofufuza. Gulu la Ed Rybicki pasukulu yaukachenjede ya Cape Town ku South Africa lidaonetsa kuti L1 ya HPV 16 ingapangidwe m'masamba a Nicotiana benthamiana, chomera chapachibale ndi fodya. Kwa dziko lolima fodya ngati lathu, ganizoli ndi lokopa. Komabe zomera zotere zimalimidwa m'nyumba zotetezedwa osati kumunda, ndipo ntchito yolekanitsa puloteni ndi zonse za m'tsamba ndi yaikulu. Mpaka lero palibe katemera wa HPV wa m'zomera amene wavomerezedwa. Kampani ya Medicago ya ku Canada idakwanitsa kupeza chilolezo cha katemera wa Covid-19 wopangidwa m'chomera chomwechi mu 2022, koma idatsekedwa mu 2023. Luso lokha silikwanira popanda msika ndi ndalama.

Phunziro limeneli likukhudza maiko a mu Africa, amene kudzera mu African Union adadziikira cholinga chopanga okha 60 peresenti ya akatemera amene amagwiritsa ntchito pofika mu 2040. Funso loti ayambe ndi yisiti, bakiteriya kapena maselo a nyama lidzalamula mtundu wa mafakitale omanga, maphunziro a akatswiri ofunika, ndi mtengo umene maboma adzalipire.

Pakadali pano, WHO idakhazikitsa mu Novembala 2020 zolinga zitatu zoti zikwaniritsidwe pofika mu 2030: atsikana 90 mwa 100 aliwonse abaidwe pofika zaka 15, amayi 70 mwa 100 ayezedwe, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Kuyezetsa khomo la chiberekero kukufunikabe ngakhale kwa amene adabaidwa, chifukwa palibe katemera amene ali ndi mitundu yonse yoyambitsa khansa, ndipo amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chowirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo. Dzina la pakabotolo likhoza kudzasintha m'zaka zikubwerazi malingana ndi mitengo ndi kupezeka kwa katemera. Likadzasintha, chofunika kufunsa ndi chakuti kodi WHO idamuvomereza, ndipo akuteteza ku mitundu ingati. Kwa mtsikana amene wafika msinkhu, katemera wovomerezeka amene alipo lero pachipatala kapena pasukulu ndi woposa wa mitundu yambiri amene angadzabwere iye atakumana kale ndi kachirombo.